Minda Imene Sinagawidwe

Tsiku limenelo ndinkayanika chinangwa pathandala. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Kwathu kunali kutsidya kwa nyanja.

Atsamunda atachotsedwa, kunabwera boma longogwirizira, lodikira chisankho. Linalonjeza kugawa minda ya thonje ya mzungu kwa anthu amene ankailima. Bambo anga ankatha kulemba, choncho anawasankha kuti azilemba mayina a ofuna malo. Mayinawo anadzaza makope atatu.

Minda sinagawidwe. Akalaliki a ku ofesi ya malo anathawa ndi mapu omwe. Otsalawo ankaopa kusaina chilichonse, poti sankadziwa amene adzalamule mawa. Asilikali ena ankati mindayo ikhale ya boma, ena ankati ya anthu. Bambo ankapalasa njinga tsiku lathunthu kukafunsa, n'kubwerako ndi yankho lomwelo: dikirani chisankho.

Mvula inayamba tikudikirabe. Anthu anatopa, n'kuyamba kukhoma okha zikhomo m'mindamo. Asilikali anabwera kudzazizula, anzawo ena n'kuwaletsa.

Tsiku la chinangwa lija, mfuti zinayamba kulira kumadimba. Nkhuku zinabalalika. Amayi anatuluka m'nyumba atabereka mlongo wanga Saidi, mpango uli m'manja.

"Siya chinangwacho, Mwanaisha. Thamanga."

Tinadzera m'munda wa mpunga, matope mpaka m'mawondo. Patapata imodzi inatsala momwemo.

Bambo anatipeza kugombe, akupuma movutikira. Anatikweza m'ngalawa ya amalume, koma iwo anaima m'madzi.

"Asilikali akawapeza makope aja, awatola anthu mmodzimmodzi," anatero. "Ndikawatenthe kaye."

Amayi anawagwira malaya. Kenako anawasiya.

Mwera unatipeza pakati pa nyanja. Madzi ankalowa, ife n'kumakapa ndi mbale mosinthana. Saidi analira mpaka mawu anatha. Ine ndinkangocheuka. Utsi unali m'malo atatu, ndipo sindinadziwe wa kwathu.

Tinafika ku Nkhotakota mawa lake, dzuwa lili paliwombo. Tinatsika n'kukhala pamchenga. Mayi wina wa pafupi ndi mzikiti anatitengera kwake, natipatsa tiyi ndi nsalu zouma. Sanatifunse kanthu.

Ambiri a kwathu ndakumana nawo m'zaka zimenezi, ena akuwedza ku Chia, ena akudula nzimbe ku Dwangwa. Palibe amene anagwidwa chifukwa cha dzina lake la m'makope aja. Saidi ali ndi zidzukulu tsopano. Bambo sitinawaonenso, ndipo Amayi anamwalira akufunsabe aliyense wotsika ngalawa.