Khomo la Tchalitchi cha ku Zemba

Mlendo aliyense akafika ku tchalitchi chathu cha ku Zemba amayamba waima n'kuyang'ana khomo. Katchalitchiko n'kakang'ono, ka njerwa zootcha, koma pakhomo pake ngolo ya ng'ombe ikhoza kulowa osakhudza mbali. Akafunsa, anthu a kumudzi amati, "Anamanga ndi mmisiri wina, maso anali atayamba kuwavuta." Mmisiriyo ndi atate anga, ndipo yankho limenelo ndi bodza. Wolakwa ndinali ine.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinkajambula mapulani a nyumba pa kampani ina yaing'ono ku Chipata. Ntchitoyo ndinayamwira kwa atate. Iwo anamanga nyumba za anthu kuyambira ku Mlolo mpaka ku Pembamoyo, ndipo anandiphunzitsa kuwerenga pulani ndisanadziwe n'kutendera ndiwo komwe. Kampani itagula kompyuta n'kundiika ine pampando wake, ndinayamba kudzimva. Mtsikana wa ku Zemba kujambula nyumba popanda pensulo! Ngakhale kayendedwe kanasintha.

Nthawi imeneyo tchalitchi chathu chaudzu chinkadontha, ndipo akhristu anali ataumba njerwa za chatsopano. Akomiti anandipempha pulani. Za womanga ndiye panali kung'ung'udza, chifukwa atate anali ndi ng'ala m'maso ndipo atcheya ankafuna mmisiri wachinyamata. Ansembe a ku mishoni anati ayambe atate, tione mmene ziyendere. Atate ntchitoyo ankaifuna ndi mtima wonse. Anandiuza kuti, "Ndamangira anthu moyo wanga wonse, koma Mulungu sindinam'mangirepo ngakhale khola la nkhuku."

Vuto linali pulinta yathu yosindikizira mapulani, imene inkangolandira mapepala aang'ono ngati a kalata. Tchalitchi chonse chitapanikizana papepala limodzi, manambala anachepa kwambiri. Atate analiyandikiza pamphuno, n'kulitalikitsa, n'kutuluka nalo padzuwa. Kenako anati, "Mwanawe, nyerere zakozi sizikuima malo amodzi." Anaseka, koma ine ndinaona kuti achita mantha.

Nditabwerera ku Chipata ndinapeza njira. Pakompyuta umatha kukoka kabokosi kuzungulira mbali yokhayo imene ukufuna, n'kuipulinta payokha, yaikulu. Ndinatero ndi maziko, zipupa, mazenera, chilichonse papepala lake. Atate anali ndi kachitidwe kawo. Manambala sankawadalira kwenikweni; ankaika rula yawo yopinda yamatabwa papepala, n'kuyeza, n'kuchulukitsa m'mutu. Choncho ndinkaonetsetsa kuti kompyuta yatulutsa chojambula pamuyeso woyenera, ndipo m'munsi ndinkalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti sentimita imodzi papepala ndi masentimita angati pansi.

Khomo linali lomaliza. Munthu wa kwathu amene ankatenga mapepalawo anali chiimire panja, akuti minibasi ya ku Chadiza imusiya. Ndinakoka kabokosi mothina, manambala onse n'kutsala kunja kwake, ndipo za muyeso ndinaiwala. Kompyuta, poti sifunsa, inangolikulitsa khomolo kuti lidzaze pepala. Ine osayeza, ndinalemba m'munsi kuti sentimita imodzi ndi masentimita makumi awiri, n'kupinda, n'kupereka. Paja amati kuthamanga si kufika.

Khomo limene ndinajambula linali la mita imodzi ndi theka m'lifupi. Limene atate anamanga linapitirira mamita awiri, ndipo msinkhu nawo unakwera.

Zinadziwika tsiku lina Loweruka, zipupa zitatha. Kalipentala wa ku mishoni anali atapanga felemu ndi zitseko potsatira pulani yoyamba ija ya tchalitchi chonse, ndipo anazibweretsa pangolo. Ine ndinabweranso, nditavala nsapato za m'tauni, kudzalandira matamando. Amuna anaimika felemuyo pakhomo. Mbali zonse ziwiri kunatsala mpata woti mbuzi n'kudutsa, pamwamba n'kumaoneka mitambo. Wina anaphulika nako kuseka.

"Tinanena ife," anatero atcheya. "Amisiri, maso akatha atha. Si tchimo ayi."

Pepala la khomo linkasuzumira m'thumba la malaya a atate. Ndinalisolola, ndipo nditangoliona ndinazindikira kulakwa kwanga. Panalibe nambala ngakhale imodzi, koma khomo lalikulu lodzaza pepala ndi zilembo zanga m'munsi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Atate anandigwira pamkono n'kufinya, n'kutenga pepalalo kulibwezera m'thumba.

"Ndaphonya ndine, atcheya," anatero. "Pepala la mwanayu lilibe mlandu."

Tsiku lomwelo akomiti anapereka denga ndi zonse zotsala kwa mmisiri wachinyamata uja. Zoti khomo lichepetsedwe ansembe anakana, poti simenti ya pamwamba pake inali itauma kale. Kalipentala anauzidwa kuti akapange zitseko zina.

Pobwerera kunyumba tinadzera kanjira ka m'munda wa thonje, atate patsogolo akukankha njinga. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo ndinalephera kupirira.

"Atate, mwanamiranji? Mwaipitsa dzina lanu pamaso pa anthu chifukwa cha ine!"

Sanatembenuke. "Iwe, maso angawa chaka chino kapena chamawa akanandichotsa ndithu. Ako angoyamba kumene. Anthu aja amanena kale kuti mwana wamkazi sangajambule pulani. Umafuna ndiwapatse ponenera?"

"Nanga simunaone kuti lakula?"

"Ndinaona. Zaka zonsezi ndingalephere kudziwa khomo? Koma ndinati mwana wanga, ndi makina akewo, waona china chimene ine sindikuchiona."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukalipiridwa. Ndinalira njira yonse, ndipo atate anandiletsa kuuza munthu aliyense, ngakhale amayi.

Kuntchito sanasiye kupita. M'mawa uliwonse ankakapatsira njerwa ndi kusakaniza matope, pansi pa mnyamata amene iwo omwe anam'phunzitsa kugwira chingwe. Anthu akamawaseka za khomo, iwo ankaseka nawo n'kumati, "Ndimafuna ochimwa azilowa awiriawiri." Sanamangenso nyumba ina.

Anamwalira patapita zaka zochepa, chimanga chili pafupi kukololedwa. M'matchalitchi ena a kwathu, maliro akafika pakhomo onyamula amavutika: ena amasiya bokosi, ena amayenda cham'mbali, bokosi n'kupendekeka. Atate anawanyamula amuna asanu ndi mmodzi, atatu uku atatu uku, ndipo analowa pakhomo lija onse mmene analili, popanda wosiya kapena wowerama. Atcheya aja, amene ananyamula nawo kumutu, atatula bokosi anapukuta m'maso n'kunena chapansipansi kuti, "Amisiri anadziyezera okha."

Choonadi ndinachisunga mumtima. Ndinali nditalonjeza atate.

Pogawa katundu, abale anga anatenga njinga ndi wailesi. Ine ndinapempha rula yopinda ija ndi buku lawo la nyimbo. M'kati mwa bukulo ndinapezamo pepala la khomo, lothimbirira, long'ambika mopindamo, zala za simenti zikuonekabe. Analisunga kumene akomiti sakanalipeza.

Lero ndaswa lonjezo, atate mundikhululukire. Atcheya anapita, ansembe aja anapita, ndipo palibenso wondichotsa ntchito. Amene adzafunse za khomo la ku Zemba auzidwe kuti mmisiri wake sanaphonye ngakhale sentimita imodzi. Anamanga ndendende zimene mwana wake anam'patsa.