Magazi Akuda

Dzino anandizula Lachinayi, nyengo yomweta mpunga. Adokotala anandilumitsa thonje n'kundiuza zambiri, koma tsaya linali litachita dzanzi, nzeru zili pa ulendo wa kabaza wobwerera kwathu kunyanja. Ndinangogwirapo chimodzi, choti ndisachukuche m'kamwa.

Mawa lake amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba, padzuwa, kuti ndiyasamule. Ndinali ndi ana awiri kale, koma amayi akati yasamula, umayasamula basi.

"Muli magazi akuda umu," anatero. "Oipa amenewa. Abambo ako anayamba chonchi."

Abambo anamwalira ndili wamng'ono, nsagwada itatupa mpaka kutseka kukhosi. Ndipo kwathu aliyense amadziwa kuti magazi akuda ndi matenda. Munthu akamamutema mphini, amadikira kuti akudawo atuluke. Sindinatsutse. Amayi anathyola kaphesi ka mpunga n'kuyamba kukolowola modekha, ngati akuchotsera mwana minga m'nsomba. Chinatuluka chinthu chonga chiwindi cha nkhuku. Anachikwirira ndi phazi, n'kupumira m'mwamba.

Lamulungu m'mawa ululu unabwera, woposa wa dzino lija. Unkachokera m'dzenje la dzinolo, kukwera kukhutu, kukafika kudiso. Mapiritsi ankangopita pachabe. M'kamwa munkanunkha moti mwana wanga wamng'ono anatembenuza nkhope nditamunyamula. Ndinatenga kagalasi n'kutuluka panja. Dzenje linali gwa, louma, ndipo pansi pake pankaoneka kanthu koyera. Linali fupa. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinayang'ana ana anga akusewera pafupi ndi mulu wa mpunga, n'kuyamba kuganiza za amene adzawalere.

"Sitinamalize kuchotsa," amayi anatero, phesi lina lili kale m'manja.

"Ndisiyeni, amayi. Musandigwirenso."

Chibadwire ndinali ndisanawalankhulepo choncho. Anakakhala pansi pa mtengo wa mango.

Lolemba tinapita limodzi kuchipatala. Dzenje lililonse la mumsewu ndinkalimvera m'nsagwada. Adokotala anaunika ndi katochi, anandigwira m'khosi, n'kundiyeza kutentha kwa thupi.

"Magazi oundana aja ali kuti?" anafunsa. "Amene aja ndiye chivundikiro. Amaphimba fupa mpaka mnofu utamera. Akachoka, mpweya ndi chakudya zimagunda pafupa penipeni."

"Ndifa nazo?"

"Ayi. Simunatupe, thupi silikutentha. Titsukamo, tiikamo mankhwala, mubwerenso mkuja. Kupola kuchedwa, koma mupola. Anachoka bwanji?"

Amayi anali atakhala pabenchi pafupi ndi chitseko, atagwira chitenje changa pamiyendo. Ndinali nditawakwiyira njira yonse, koma nditawaona, mkwiyo unandithera.

"Ndinkaseweretsa lilime," ndinatero.

"Akunama uyu," amayi anatero. "Ndine ndinachotsa, adokotala. Ndimayesa ndikumupulumutsa."

Adokotala sanawakalipire. Anangofotokozanso pang'onopang'ono, amayi akugwedeza mutu, maso ali pansi. Mankhwala atalowa m'dzenjemo, ululu unayamba kuzizira tisanatuluke n'komwe pageti. Ndinafuna kuwaseka kuti adokotala a phesi achotsedwa ntchito, koma nkhope yawo sinali yoti n'kusekedwa.

Dzenje linatenga milungu kuti litseke. Mpunga anamweta ndi ena, ine ndikumwa phala lozizira ndi mbali imodzi. Ndinapola.

Patapita mwezi, mwana wanga wamkulu analasidwa ndi minga kuphazi n'kuthamangira kwa agogo ake, monga ankachitira nthawi zonse. Amayi, amene anazula minga ya mudzi wonse kwa zaka zambiri, anagwira kaphaziko, singano ili m'manja, osayamba. Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Kodi ndichotse," anafunsa, "kapena nayonso ndi yosiya?"