Denga Limene Linaima Chilili

Chaka chimene fodya wanga anayenda bwino ku okushoni, anzanga a ku Wimbe anagula malata, ena ngolo. Ine ndinagula galimoto yotsegula denga. Anandigulitsa ndi bambo wina wachisilamu wa golosale pa boma la Kasungu. Inali yofiira, yokalamba ndithu. Ukadina batani, denga lake lansalu linkadzipinda lokha n'kukagona kumbuyo ngati mkeka. Tsiku limene bamboyo anandionetsa zimenezi, akabaza atatu anagwera m'ngalande chifukwa chocheuka. Atatu. Ngalandeyo ilipo mpaka lero, mukhoza kukaiona.

Sikuti ndinapenga ayi. Mkazi wanga kwawo kunali ku Lisasadzi, ndipo abale ake ankamuseka chikwatiwire kuti anapeza mwamuna wa njinga yopanda mabuleki. Tsono mng'ono wake anali pafupi kukwatiwa, ndipo mkazi wangayo anapempha chinthu chimodzi chokha.

"Abambo, ndikufuna ndikafike ku ukwati denga lili chotsegula. Akandione onse, ndi ang'ala omwe."

"Amayi, mukafika ngati mkazi wa nduna," ndinalonjeza.

Kutatsala masiku awiri ndinayesa batani lija. Kumbuyo kamota kanalira, koma denga osagwedezeka. Nditatsegula buti ndinapeza kathanki ka pampu kali gwa, oyilo yense atatayikira pansi. Pajatu denga lotere limayendera oyilo: pampu imamukankha m'timapaipi mpaka ku mapisitoni awiri, mapisitoniwo n'kumakoka zitsulo za denga. Labala ya pisitoni imodzi inali itatha, ndiye oyilo ankathawira pamenepo.

Amakaniko a pa boma anali atapita kumaliro. Ine ndinaganiza ngati mlimi. M'chigafa munali jeke imene timadindira mabelo a fodya, ndipo nayonso imayendera oyilo. Ndinati, oyilo amene amapanikiza fodya mpaka belo kulimba ngati njerwa angalephere kansalu? Ndinamukhuthula, ndinamusefa ndi duku, n'kuthira m'kathanki kaja. Chimene ndinaiwala n'chakuti jeke ija tinkaimwetsa chilichonse, ngakhale oyilo wakuda wotsala kuchigayo, ndipo m'mimba mwake munali fumbi la fodya la zaka zambirimbiri.

M'mawa wa tsiku la ukwati mkazi wanga anakhala pampando wakutsogolo atavala chilundu chatsopano.

"Tadinani tione," anatero.

Ndinadina. Denga linatsokomola, linadzuka, linakwera mpaka kuima chilili, basi n'kuthera pomwepo. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Ndinalikoka, ndinalikankha, ndinalinyengerera ngati ng'ombe yokana goli. Silinandimve.

"Oyilo wanuyo anazolowera kudinda fodya," anatero iye. "Akudikira belo."

"Ndiye titani, amayi? Ndipope njinga?"

"Njinga yachani? Pamutu panga mukuonapo denga?"

Panalibedi. Ndinaliza galimoto.

Tinanyamuka dengalo lili njo kumbuyo kwathu ngati chikwangwani cha sukulu. Linkakola mphepo yonse ya m'minda. Ikachokera kumbuyo, ndinkazimitsa injini, ife n'kumangopita. Ikachokera kutsogolo, ngolo ya abulu inkatipitirira, ndipo ngolo imodzimodziyo inatipitirira kawiri. Ndikulumbira. Fumbi la m'chilimwe linkamenya nsaluyo n'kubwerera pa ife, moti titafika ku Lisasadzi apongozi anga anatilonjera mwaulemu n'kufunsa ngati tinali a kuchimuna kapena a kuchikazi.

Koma mkazi wanga anamuona onse. Anaimirira m'galimoto muja atagwira chitsulo cha denga, ali psu ndi fumbi mpaka m'nsidze, akuseka, mano okha ali mbee. Amayi a nthungululu anawasiya akwati n'kuthamangira kwa ife. Mlamu wanga amene ankakonda kunena za mabuleki anangoti kukamwa yasa. Zaka zonse zimene ndinakhala naye mkazi wanga, sindinamuonepo wamtali ngati tsiku limenelo.

Amakaniko atabwera sabata yotsatira anagwira m'chiuno.

"Achimwene, mwakaona kasikuluu aka pa pampu? Mukanangomasula pang'ono, denga mukanalipinda ndi manja."

Kasikuluu kake kochepa ngati njere ya chimanga. Anati ndigule labala yatsopano ndi oyilo woyenera, iwo adzatsuke timapaipi. Mkazi wanga anakana.

"Lisiyeni choncho. Kwathu amalidziwa lili chilili. Mukalikonza adzati ndi galimoto yobwereka."

Labala ndinagulabe mobisa, ndi maganizo oti tsiku lina ndidzamudabwitse. Dzinja lachiwiri iye anadwala. Ulendo wake womaliza wa ku Lisasadzi unali wa pa lole, amayi a mumpingo akuimba m'mbali mwake.

Galimoto ili kuseri kwa chigafa. Nsalu inadyeka ndi dzuwa, kwatsala nthiti zokha, zili chiimire. Labala ili m'chitini pawindo, m'pepala lake lomwe lija. Amakaniko akandiona pa boma amafunsa kuti abwere liti, ine ndimati mawa.

Masana ena ndikachoka kumunda ndimathamangitsa nkhuku pampando, n'kukhala, n'kudina batani. Batire inafa kalekale. Komabe ndimamva kamota kakulira kumbuyo, ndi munthu pambali panga akuti oyilo akudikira belo. Izinso n'zoona.