Matumba a Chimanga Savina

Pa Namitete munthu akafuna ngolo, felemu la windo kapena mbaula, amamulozera kwa a Mose, kuseri kwa chigayo. A Mose ndi owotcherera zitsulo. Ntchitoyi anaiphunzira m'galaja ina ku Lilongwe akadali mnyamata, ndipo anabwerera kwawo zipani zitangoyamba kuchuluka, atanyamula makina akale owotcherera ndi maso ofiira omwe sanayerenso mpaka lero. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wosachulutsa gaga m'diwa, koma nthenda yawo ndi nkhawa. Akamaliza ngolo mwini wake n'kuitenga, iwo amaiperekeza ndi maso mpaka ikhote, kudikira kuti gudumu lithothoke. Silinathothokepo, koma zimenezo siziwatonthoza.

Kwa zaka zambiri ankamanga galimoto yawoyawo. Injini anaichotsa m'kagalimoto kakang'ono komwe kanagubuduzika pamseu wa ku Mchinji, mafupa ake anali a pikapu yomwe inafera pa esiteti ya fodya, ndipo kokhala dalaivala kunachokera kwinanso. Anthu anaitcha Zigamba, ndipo ankaiseka osabisa. Amene sankaseka ndi Hannah yekha, mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo. Iye ankauza aliyense kuti pa ukwati wake adzakwera ya bambo ake. Joel, mphunzitsi wa ku Mpingu, atamufunsira ndipo tsiku litaikidwa, mtsikanayo sanasinthe mawu.

Chomwe chinatsala ndi pansi pa bodi, poponda anthu kumbuyo. A Mose anapita kusitolo ya a Twaibu, omwe amagulitsa malata ndi zitsulo, ndipo anapezako mapleti a mitundu iwiri, yochindikala ndi yopyapyala. Apa ndi pomwe mutu unaima. Yochindikalayo inali yolimba, inde, koma yolemera, ndipo pakati pa mudzi wawo ndi tchalitchi pali dambo, kenako chitunda. Kainjini kawo anali kukadziwa. Ankaona kale m'maganizo galimoto itazima pachitundapo, anthu ovala bwino akukankha, mkwatibwi atazyolika ndi manyazi. Yopyapyalayo inali yopepuka, koma akaiponda inkalira.

Anainyamula iyi, anagogoda iyo, anapita kunyumba, m'mawa mwake anabweranso.

“A Mose, kodi mukugula chitsulo kapena mukufunsira mbeta?” anatero a Twaibu. “Tengani yochindikalayi mugone tulo.”

“Nanga pachitunda paja mudzabwera kudzakankha inuyo?”

Anatenga yopyapyala. Anaidula pawiri, anaimenya mizere kuti ilimbe, anaika zitsulo zopingasa kunsi, kenako analumikiza zidutswa ziwirizo pakatikati. Pofuna kuiyesa anadzaza matumba a chimanga mpaka pamwamba, nakwera nawo chitunda chija. Zigamba inakwera, pleti osapindika. Tsiku limenelo a Mose anabwera kunyumba akuimba mluzu, chinthu chomwe akazi awo, a Zelifa, anali asanachimvepo.

“Yanyamula matumba onse aja, amake Hannah. Amayi anzanu odzakwera kumbuyo aja ngopepuka kuposa chimanga.”

A Zelifa anali kusita chitenje chatsopano cha paukwati, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. “Nanga matumba anuwo amavina?”

Mluzu unathera pomwepo. Zoona, ndi liti amayi anapitapo ku ukwati atakhala phee m'galimoto? Amaima, amaimba, amaponda ndi zidendene onse pakamodzi. Ndipo pakati pa bwalo lovinalo pamaima mayi wa mkwatibwi. Pakati pomwepo ndi pomwe panali msoko wolumikiza mapleti aja, ndipo kunsi kwake kunkazungulira shafuti, chitsulo chachitali chopereka mphamvu ku magudumu akumbuyo. Msoko utang'ambika, phazi la a Zelifa likanalowa mmenemo galimoto ili paliwiro.

Anathamangira kwa a Twaibu, koma yochindikala ija inali itagulidwa ndi mlimi wina wa fodya, ndipo lole yobweretsa katundu inali kudzabwera ukwati utadutsa. Anawonjezera zitsulo zopingasa paliponse pomwe akanatha. Koma pamwamba pa shafuti sipakanaikidwa chilichonse, chifukwa galimoto ikagwa m'dzenje chitsulocho chimadumpha ndipo chimafuna malo. Panatsala malo aakulu ngati lichero opanda chowachirikiza.

Anapempha akazi awo kuti auze amayi adzakhale pansi.

“Abambo a Hannah, mwana wanga mmodzi yekhayu, ndikhale pansi ngati ndikupita kumaliro? Inu simunanene nokha kuti yalimba?”

A Mose anaganiza zouza Hannah kuti apeze minibasi. Anamupeza akupukuta magalasi a Zigamba ndi kumangirira maliboni pazitseko, ndipo anangotembenuka n'kubwerera. Anadziuza kuti mwina ndi nkhawa yawo yakale ija, yodikira gudumu losathothoka. Komabe chakudya chinasiya kulowa.

Loweruka la ukwati kunacha bwino. Woyendetsa anali a Ignatius, mlamu wa a Mose, omwe kale ankayendetsa matola. Hannah ndi womuimirira wake anakhala kutsogolo. Bambo wa mkwatibwi amayenera kutsogola ndi akuluakulu anzawo pa galimoto ina, koma anthu anangoona a Mose, ndi suti yawo yakuda, akukwera kumbuyo kwa Zigamba, komwe kunali amayi. Anavula nsapato ndi masokosi, nakaima pakatikati penipeni.

Nthungululu inalira. “Onani a mkulu wa mpingo! Lero tiona chiuno chawo!”

A Zelifa okha sanaseke. “Amenewo ndi malo anga,” anatero chapansipansi. “Mukufuna kundichititsa manyazi pamaso pa anzanga?”

“Vinirani cha apo, amake Hannah. Chonde.”

Galimoto inanyamuka, nyimbo inayamba. Amayi anaponda, ena akumenya m'mbali mwa bodi ngati ng'oma. A Mose anaima chilili, atagwira denga la kokhala dalaivala ndi dzanja limodzi, thukuta lili kamukamu. Nyimboyo sankaimva. Ankangomvera mapazi awo, ndipo mapaziwo ankawauza zonse: pleti inkatsika ndi kukwera, kutsika ndi kukwera, ndipo kunsi shafuti inkanjenjemeretsa chitsulo. Mayi aliyense akayandikira, iwo ankamutchinga ndi chigongono, amayiwo n'kumati a Mose ayamba kuvina. Anali ndi mantha omwe sanakhalepo nawo chibadwire.

Potsetsereka kulowa m'dambo a Ignatius anawonjezera moto kuti apeze mphamvu yokwerera chitunda. Gudumu linagwa m'dzenje nthawi yomweyo yomwe zidendene zonse zinatera pamodzi. A Mose anamva msoko ukuthetheka pansi pa phazi lawo lamanzere, kenako mphepo yotentha ikuwomba kuchokera kunsi.

Anamenya denga mwamphamvu. Pa matola aliyense amadziwa kuti kumenya denga ndiye kuti ima. Koma lero denga linali likumenyedwa chichokereni kunyumba, ndipo a Ignatius anangoyankha ndi hutala wachisangalalo. Amayi ataona kuti a mkulu wa mpingo agwira ng'oma, anakondwa, nayamba kusunthira pakati kuti avine nawo. Kutsogolo kwa onsewo kunali a Zelifa, mkwiyo utatha, akumwetulira, manja ali m'mwamba.

A Mose anafuula, koma mawu awo anamira m'nyimbo. Ndiye anangodzigwetsa chagada pamsokopo, natambasula manja ndi miyendo kuti paliponse pong'ambika pakhale thupi lawo. Mlomo wa pleti unawacheka ntchafu. Chinachake kunsi chinagwira mchira wa jekete n'kuyamba kuwakoka, mpaka nsaluyo inang'ambika.

A Zelifa anayang'ana nkhope ya amuna awo, nyimbo n'kuwathera m'kamwa. Mayi woyandikana nawo analekanso, kenako wina, mpaka kumbuyo konse kunangoti zii. Chomwe chinaimitsa a Ignatius ndi bata limenelo. Galimoto ya ukwati yopanda nyimbo inawaopsa, ndipo anaponda buleki.

“Tsikirani m'mbali,” anatero a Mose akadali chigonere. “Mmodzimmodzi. Wina asaponde pakati.”

Amayi ankatsika, iwo akuyang'ana mapazi a aliyense. Onse anali athunthu. Hannah anatuluka ndi velo yake, ataona magazi pa buluku la bambo ake anagwira pakamwa. A Ignatius anawadzutsa pang'onopang'ono, ndipo pomwe anagonapo panaoneka chibowo chotha kumeza mwendo wa munthu mpaka m'bondo. Kunsi kwake shafuti inali itakulungiza nsanza za jekete.

A Zelifa anali asanatsike. Anasuzumira m'chibowomo nthawi yaitali, kenako anayang'ana mapazi awo omwe, ali m'nsapato zatsopano. Anamasula chitenje cha paukwati chija, nachigwira ndi mano n'kuching'amba pakati, ndipo anagwada pamaso pa amayi onse kumanga ntchafu ya amuna awo. Mfundo inkakana kumangika, mpaka a Mose anaika chala chawo pamenepo kuti akazi awo akoke.