Duwa Lodya Matemba

Amuna anga sanali munthu wobwera ndi zodabwitsa kunyumba. Ankagwira ntchito pa sitima, njanji ija yochoka ku Balaka kudzera ku Liwonde mpaka kumalire ku Nayuchi, ndipo akamaweruka ankabwera ndi tulo basi, mwina ndi kanzimbe ka ana. Ndiye tsiku limene ndinawaona akuchokera kusiteshoni atakumbatira ndowa pachifuwa, akuyenda monyang'wa ngati mkwatibwi, ndinaima ndi tsache m'manja n'kuyamba kuseka ndisanadziwe n'komwe chosekacho.

"Mayi, tsukani botolo lalikulu lija la maswiti. Koma sopo iyayi!"

Botololo tinagula kusitolo kwa mmwenye ndipo ndinkasungiramo nyemba. Nyembazo zinapita m'lichero. Iwo anathiramo mchenga woyera, madzi a m'ndowa muja, kenaka anatsitsiramo mwala. Pamwalapo panali patamatirira chinthu. Ndinene kuti chiyani kaya? Chobiriwira, chotambalala ngati chikhatho changa, chaubweyaubweya ngati kamkeka kopindika m'mbali, pakati pali kakamwa.

"Ndi duwa limeneli?"

"Ndi nyama. Ya m'nyanja yamchere, ku Nacala. Wandipatsa mnzanga wa sitima ya kutsidya. Tachikhudzani."

Ndinapisamo chala. Chalacho chinamatirira, kenaka kuyabwa ngati chitedze. Ndinakuwa, "Mayo ine!" Amuna angawo anaseka mpaka kukhala pansi, misozi mbwee. Chikwatiraneni ndinali ndisanawaonepo akuseka choncho. Mumtima ndinati, Ambuye zikomo, kaya n'chiyani chimenechi, chikhale pakhomo pano.

Atatsala pang'ono kubwerera kuntchito anandilangiza. Botolo likhale pawindo lolowa dzuwa la m'mawa. Ndizitunga madziwo ndi kapu n'kuwatsanuliramonso kuti chizipuma. Chakudya, kachidutswa ka temba laliwisi, osati tsiku lililonse. "Ndibwera ndi madzi ena a kunyanja. Chonde ndidzachipeze chili moyo. Paja moyo wake ndi mchere." Mawu omalizawa ndinawasunga bwino, mwinanso mopitiriza.

Mbiri inawanda msanga kuti kunyumba kwa a sitima kuli duwa lodya matemba. Amayi ankabwera mitsuko ili kumutu, ena ndiwo atazisiya pamoto. Ndikagwetsera katemba, chinthucho chinkapinda m'mbali mwake ngati dzanja lolandira mphatso, n'kumeza. Nthungululu! Wina anafunsa monong'ona, "Kodi mlendoyu khadi la chipani ali nalo?" Tinaseka titatseka pakamwa ndi zitenje, maso ali kukhomo, poti masiku amenewo nthabwala zotere zinkatha kukugonetsa kwina.

Tsono kwathu mwana wakhanda sumuona chimanjamanja. Ndipo ine ndinali nditawauza onse kuti moyo wa mlendoyu ndi mchere. Basi, aliyense wobwera ankamasula mfundo ya chitenje, kutsina kamchere, n'kuwaza m'botolo. "Nayi ya mlendo." Ine ndinkawomba m'manja kuthokoza, mtima uli mbee kuti anthu a Mulungu akutikonda. Kutentha kwa Balaka mwezi wa Okutobala mukukudziwa. Madzi ankatsika, ine n'kumawonjezera ena, nditathiramo mchere monga ndimachitira ndi ndiwo.

Tsiku lina chakumasana ndinapeza duwa lija litanyala. Linali litakwinyika ngati kasanza konyowa, kakamwa kali yasa, temba losalifuna. Ndinagwada pomwepo. "Ambuye, ndikudziwa muli ndi zazikulu, odwala ali m'zipatala, mvula sinabwere. Koma kanthu aka munakalenga ndinu, ndipo mwaona mmene kawasekesera bambo a ana anga. Ndikawauza chiyani?"

Ndili chigwadire ndinamva odi. Anali anansi anga, mayi wachisilamu wochokera kwa Mposa, amuna awo anali telala pamsika.

"Achemwali, kwagwanji? Mwagwada dzuwa lili pamutu ngati ife bwanji?"

Ndinangoloza botolo. Iwo anasuzumira, kuviika chala, kulawa, n'kuthamangira panja kukalavula.

"Bismillahi! Mukuweta kapena mukufutsa? Ngakhale mlamba woyanika sauthira mchere wotere!"

"Komatu madzi amatsika, ndiye ndimabwezeramo."

"Amatsika n'chiyani? Si dzuwa? Ine amayi anga ankaphika mchere kufupi ndi Chilwa. Madzi amapita ndi nthunzi, mchere umatsala mumphika. Dzuwa silidya mchere, achemwali. Inu mukuthira wanu pamwamba pa wake, kuwonjezanso wa mudzi wonse."

"Nanunso munawazamo dzana."

"Ee, kawiri," anavomera, ndipo tonse tinaphulika kuseka, ine misozi ili m'masaya.

Tinagwirizana zothira madzi a pachitsime, pang'onopang'ono ngati phala la wodwala. Koma tikadziwa bwanji kuti zakwana? Mwamwayi m'ndowa muja, kuseri kwa chitseko, munatsala timadzi ta ku Nacala. Ndiye ntchito inali iyi: kulawa m'ndowa, kulawa m'botolo, kuchotsako kapu, kuthiramo ya pachitsime, kudikira. Amayi awiri akuluakulu, a ana athu, tinatandala tikunyambita zala.

"Mukuti bwanji pamenepa?"

"Ukadali wolusa."

"Lilime lanu lafa inu, tapatseni kuno."

Nthawi ya swala itakwana anadzambatuka. "Ine ndikupita kukapempha kwanga, inu gwiritsani kwanuko. Mmodzi wa ife amveka ndithu."

Sindinafunse kuti anamveka ndani. Chimene ndikudziwa n'chakuti dzuwa litapendeka, milomo yathu itasweka ndi mchere, kasanza kaja kanayamba kufufuma. Kakamwa kanatsekeka. M'mbali munatambasuka pang'onopang'ono, ubweya uja n'kuyamba kugwedezeka ngati udzu wa m'dambo pakamphepo. Anansi angawo anamanga chitenje m'chiuno, ine ndinatenga beseni kukhala ng'oma, tinavina m'kanyumba kaja mpaka nkhuku kuthawa pakhonde. Ambuye ndi wabwino, anthuni, ngakhale pa tinthu topanda miyendo.

Amayi obwera ndi mphatso sindikanawabweza, n'kulakwa kumeneko. Ndinangoika mbale pakhomo, kuti ya mlendo izigwera m'menemo. Mchere umenewo tinadyera ndiwo mpaka mvula itagwa.

Amuna anga anafika Loweruka, chigubu cha madzi a kunyanja chili paphewa. Moni sanapereke n'komwe. Analunjika pawindo, kugwada, mphuno kugunda botolo. Duwa linali litatambalala lonse, likuwala padzuwa. Anakhala pamenepo kanthawi ndithu akumwetulira okha.

"Chakulatu ichi," anatero. "Sichinakuvuteni, mayi?"

"Iyayi, bambo. Mlendo wofatsa kwambiri."

Kuseri kwa mpanda anansi anga anatsamwa ndi phwete, n'kuyamba kukhosomola mwadala mpaka amuna angawo anawafunsa ngati akufuna madzi akumwa.