Kapu ya Halidi pa Msomali

Mwana wa mlongo wanga, Halidi, anabadwa khasu lili m'manja. Azamba a ku Mangochi mpaka lero amaonetsa chipsera. Atafika kuno ku Joni anayesa ntchito ya mumgodi, koma chikepe chitangoyamba kutsika anakuwa mpaka anyani a ku Pilanesberg anasamuka. Ndiye anapeza yosamalira maluwa ku Protea Park, kwa mayi wina wachizungu wokalamba, wobadwira ku Ulaya. Maluwa a Halidi, njuchi zimachita kuima pamzere.

Mayiwo anamupatsa kapu yakeyake yachitsulo, yopachika pamsomali panja, pafupi ndi mpopi. Mnyamata anabwera ku Bapong, kumene timachita lendi, chifuwa chili patsogolo.

"Amalume, mayi aja ndi aulemu! Adziwa kuti ndine Msilamu, andipatulira kapu yosakhudzana ndi nkhumba."

Ndinaseka mpaka malata anagwedera. "Iwe, Gracious amene amagwira ntchito panyumba yoyandikana nayo uja ndi Mkatolika, nkhumba amadya ndi ziboda zomwe. Nanga bwanji nayenso kapu yake ili pamsomali? Si chipembedzo chimenecho, ndi khungu lakoli."

Halidi anasinkhasinkha. Kusiya ntchito, ana adya chiyani? Kukhala, tiyi wa m'kapu ija anayamba kumuwawa ngati kwinini.

Idi itapita, mkazi wake Sauda anamulongedzera mandasi ndi tiyi wamkaka m'fulasiki. Halidi anathira tiyiyo m'kapu ya pamsomali ija, nagogoda pakhomo la kukhitchini, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Kwathu za Idi sakana, mayi."

Mayiwo anayang'ana kapu, anayang'ana msomali, nkhope psuu ngati tomato. Akanakwiya, ntchito ikanathera pomwepo. Halidi akuti kugunda kwa mtima wake kunkamveka mpaka kutali ku Moruleng. Kenaka mayiwo anamwa. Anapemphanso ndasi lachiwiri.

M'mawa mwake Halidi anapeza msomali wazulidwa. Mayiwo anamuitanira m'khitchini, n'kumupatsa kapu yamaluwa, ya alendo. Mukudziwa zimene chitsiru changachi chinanena?

"Pepani mayi, imeneyi sinakhudzepo nkhumba?"

Akuti mayiwo anaseka mpaka mano oikirira anagwera musinki. Anagula makapu awiri atsopano ofanana, ndipo amakhala m'kabati imodzi. Zokhota zina pa nyumbapo zikadalipo, koma tsopano amazikambira patebulo, onse atakhala pampando. Gracious nayenso wayamba kuuyang'ana ndi diso lofiira msomali wake.

Yachitsulo ija Halidi anandibweretsera ine. Akuti ndi yoyenera anthu apakamwa.