Tsamba Limene Fahima Sanakulungire Mtedza

Fahima anagulitsa mtedza wokazinga pachipata cha sukulu ya atsikana m'tauni ya Minya, m'mphepete mwa mtsinje wa Nailo, kwa zaka makumi atatu, ndipo aliyense ankamutchula kuti amake Ragab. Mtedzawo ankaukulunga m'masamba a kalendala zakale, zija zong'amba tsamba limodzi patsiku, zomwe mwamuna wake Shehata ankatolera kwa ometa tsitsi chaka chikatha. Kuseri kwa tsamba lililonse kunkalembedwa zikuluzikulu zimene zinachitika padziko tsiku ngati lomwelo. Kwa Fahima zonsezo zinali nyerere chabe zondondozana papepala.

Imvi zitayamba, analowa kalasi ya amayi ophunzira kuwerenga, yomwe inkakumana masana ana akaweruka. Tsiku lina mphunzitsi wawo, mayi Samira, anati aliyense alembe tsiku lake lobadwa. Amayi khumi ndi mmodzi anasuzumira pa ziphaso zawo, onse n'kulemba chimodzimodzi: 1 Januwale.

"Kodi azamba a kwanuko anapuma tsiku limenelo?" anafunsa mayi Samira, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko.

Onse ankadziwa chifukwa chake. Kale kumidzi mwana ankalembetsedwa mochedwa, ndipo kalaliki akafunsa tsiku makolo n'kuyang'anizana, iye ankangolemba loyamba la chaka. Fahima anaseka nawo, koma kunyumba anafika atatsitsa nkhope.

"Ngakhale bulu wa neba wathu Girgis ali ndi tsiku lake," anatero. "Ine ndinagawana langa ndi mudzi wonse."

"Nanga mukufuna tsiku kuti mulitani, amake Ragab, mulikazinge?" anayankha Shehata akuwuzira tiyi. "Musalipeze, mwina tidzatulukira kuti ndinu akulu kwa ine."

"Ndi dazi limenelo? Inu munabadwa mtsinje wa Nailo usanadzaze."

Chomwe Fahima anali nacho ndi mawu a malemu mayi ake basi. Iwo ankati: unabadwa Lachisanu amuna akuchokera ku mzikiti, ndipo kutacha wailesi ya pamalo omwera khofi inalengeza kuti Arasha aponya nyenyezi yachitsulo kumwamba. Bambo ako anakwera padenga kukaifuna, mmalo mokafuna dzina lako.

Miyezi inapita, nyerere zija zinayamba kusanduka mawu. Fahima anatenga chizolowezi chowerenga tsamba lililonse asanalipinde, chala chili pamzere, milomo ikugwedera. Ogula ankadandaula kuti mtedza ukuzizira.

Tsiku lina masana, woyendetsa basi wina anabwera mothamanga kudzagula mtedza. Fahima anatenga tsamba, n'kuthiramo mtedza, maso ake ali pa mawu otsalira kunja. Anagwira atatu okha: Rasha, chitsulo, kumwamba. Pamene tanthauzo linkafika m'mutu, munthuyo anali atakwera kale basi yake.

"Iwe mwana iwe! Ima!"

Fahima anasiya mbaula ikuyaka, nakwinya diresi lake lakuda, liwiro mumsewu, nkhwayira imodzi n'kutsala m'mbuyo. Mwamwayi ngolo ya nzimbe inali itatseka njira. Anamenya chitseko cha basi ndi chikhatho.

"Mayi anga, ndalipira ine!" anatero dalaivala.

"Idya mtedzawo, mwanawe, ndi wako. Bweza pepala langa."

Mnyamatayo anakhuthulira mtedza m'thumba la malaya, akupukusa mutu, anthu m'basi akuombera m'manja osadziwa n'komwe chimene akuombera.

Fahima anapita nalo tsambalo m'kalasi, lili ndi madontho a mafuta, naliwerenga yekha ataimirira. Linali la 4 Okutobala. Mu 1582, mayiko ena a ku Ulaya anagona pa 4, n'kudzuka pa 15, chifukwa anasintha kalendala. Mu 1957, dziko la Rasha linatumiza kumwamba chombo chachitsulo choyamba kuzungulira dziko. Mu 1966, Lesotho analandira ufulu. Mu 1992, anthu a ku Mozambiki anasainirana mtendere. Pa Mozambiki anapunthwapo kawiri, koma anawoloka.

Mayi Samira anatulutsa foni, nafufuza kanthawi.

"Linali Lachisanu," anatero.

Nthungululu ya Fahima inamveka mpaka kwa ometa tsitsi.

Madzulo Shehata anawerengera zala, napumira m'mwamba atapeza kuti akadali wamkulu ndi zaka ziwiri. "Koma taonani tsiku munasankhalo," anatero. "Azungu anataya masiku khumi, Arasha anataya chitsulo, inu mwatayirapo nkhwayira."

"Ndipo a ku Mozambiki anasiya kumenyana. Tengeranipo phunziro, bambo a Ragab."

Pa 4 Okutobala wotsatira, Shehata anabwera pachipata atanyamula thireyi ya makeke a uchi, atavala mkanjo wake wa pa Idi. Atsikana a sukulu anaimba, ndipo Fahima anagawa mtedza ulere mpaka thumba linagona pansi. Tsamba lija analiika m'galasi, n'kulipachika pangolo yake yogulitsirapo mtedza.

Kuyambira pamenepo anzake a m'kalasi amabwera mmodzimmodzi ndi mawu a amayi awo. Nafisa anabadwa tsiku limene kadamsana anadetsa mudzi. Wadida anabadwa ngalande ya Suezi itangotsekedwa. Fahima amamvetsera, n'kusunga mumtima, ndipo palibe tsamba limapindidwa asanaliwerenge. La Wadida analipeza kale. La Nafisa akulifunabe, ndiye ngati muli pachangu, kaguleni mtedza kwina.